Chambo changa chili pakhoma la eni, ndalama sindinaione

Makala_ndi_Pepala
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanachite zopusa. Ndimajambula ndi kupanga madizaini kuno ku Mangochi boma, chino ndi chaka chachitatu ndili pandekha. Mwezi watha bambo ena amene akutsegula malo ogona alendo cha ku Makawa anandipeza kuti ndiwapangire logo, menyu ndi chikwangwani cha kumsewu. Tinagwirizana K180,000, pakamwa. Ndinakhalira ntchitoyo sabata ndi theka. Chambo ndinayamba ndachijambula pamanja, ndinachita kukagula chenicheni kumsika kuti ndione bwino mmene zipsepse zimakhalira, kenako ndinachilowetsa mukompyuta. Ndinawatumizira zitsanzo zitatu pa WhatsApp. Anati akambirane kaye ndi mayi akunyumba. Kuyambira tsiku limenelo foni sakuyankha.

Dzulo ndili mu minibasi ya ku Monkey Bay, ndangoona chambo changa chili pakhoma la mpanda wawo, chopentedwa bwinobwino, chachikulu kuposa chitseko. Nditaimba ndi foni ya mchemwali wanga anayankha, akuti, "Iwe, zija zinali zitsanzo chabe, mesa fayilo sunandipatse?" Usiku wonse sindinagone. Ndipite kupolisi, ndiwayike pa Facebook, kapena ndingozisiya?

Usipa_Wouma
Dipoziti munatenga?

Makala_ndi_Pepala
Ayi. Ndi anzawo a malume anga, amapemphera mzikiti umodzi. Ndinachita manyazi.

Usipa_Wouma
Basi, mlandu wathera pamenepo. Manyazi sagula bandulo, achemwali.

MadalaWaCorel
Pepani mwanangu. Ine ndinayamba ntchito imeneyi nthawi imene tinkanyamula mafayilo m'ma CD, ndipo amene anandidyera masuku pamutu sindingawawerenge. Nanunso mwalowa m'kaundula, takulandirani.

Zimene ndimachita ine masiku ano nazi. Munthu akabwera sindiyatsa kompyuta asanapereke theka. Akhale m'bale, akhale abusa, akhale ashehe, theka kaye pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga ukalowa ndiye tiyambe kukamba za mitundu. Kenako ndimamulembera pa WhatsApp pomwepo zonse tagwirizana: ntchito yake ndi iyi, mtengo ndi uwu, kusintha ndi kawiri kokha, kachitatu ndi ndalama ina, tsiku lomaliza ndi ili. Ndimamuuza ayankhe kuti "ndavomera". Sikuti ndi pepala la loya, koma tsiku lokangana uli ndi choonetsa. Zitsanzo ndimatumiza zazing'ono, dzina langa litadutsa pakati penipeni pa chithunzi, osati pakona pamene mwana aliyense angadule.

Koma inu vuto lanu ndi lina. Wopenta khoma safuna fayilo. Amangoyang'ana pafoni n'kuyamba kupenta, dzina lanu lodutsa pakatilo amangolilumpha. Ndiye pa logo chokutetezani ndi dipoziti basi.

Che_Bulashi
Mwayamba kutitchula ife opentafe, ndiye ndiyankheko. Ine ndapenta mashopu kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Namwera, mayina a maboti ku Malindi ndi ku Makanjira. Munthu amabwera ndi chithunzi pafoni, akuti pentani ichi. Ndimufunse kuti analipira amene anajambula? Akandiuza kuti anajambula mwana wake ndikana bwanji? Khomalo sindinapente ine, ndisanamiziridwe, koma amene anapentayo musamuyike mlandu.

Makala_ndi_Pepala
Ayi Che Bulashi, wopentayo ndilibe naye chifukwa. Kunena zoona wagwira bwino ntchito, nanenso ndinasilira. Ndicho chikundipweteka kwambiri.

DadaWaKuChembe
Ayikeni pa Facebook anthu amenewo! Chithunzi cha khoma uku, chojambula chanu cha pamanja uku, ndi dzina la malowo. Alendo akaona adzathawa okha.

Kalaliki265
Musathamangire zimenezo. Pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo kale m'dziko muno chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Mukalemba mawu oti "wakuba" mutchula dzina, nkhani itembenuka, wodandaula akhala iwowo. Mudzapezeka mukuyankha mlandu inu amene munaberedwa.

Ku mbali ya lamulo muli pabwino. Malinga ndi Copyright Act ya 2016, umwini wa chojambula umayamba pamene mwachijambula, sudikira kuti mukalembetse kwina kulikonse. Kumutumizira munthu chitsanzo si kumugulitsa. Sungani pepala lija munajambula pamanja, fayilo yoyamba ya mukompyuta imene ikuonetsa tsiku, ndi mauthenga onse a pa WhatsApp, muwajambule asanawafufute. Mukhozanso kufunsa nzeru ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Ambiri amaganiza kuti bungwe limenelo ndi la oimba okha, koma ojambula nawonso ndi ake. Kupolisi mwina angokuuzani kuti ndi nkhani ya ngongole, pitani kukhoti. Ine ndikadayamba ndi kalata yaulemu yokhala ndi invoisi ndi tsiku loti alipire.

DadaWaKuChembe
Kalata yaulemu kwa munthu amene akumutchula mwana wa eni "iwe" pafoni? Akadakhala mwamuna wojambulayo sakadayankha choncho.

MaiAShopu_Soko
Ndilankhuleko ngati kasitomala, poti nonse muno mukuoneka kuti ndinu angelo. Chaka chatha ndinapereka dipoziti ya K40,000 kwa mnyamata wina kuti andipangire banala ndi timapepala tomata pa mabotolo a chilli amene ndimagulitsa. Sabata yoyamba akuti magetsi. Yachiwiri akuti laputopu yafa. Yachitatu ndikumva kuti ali ku Joni. Mpaka lero. Ndiye mukamati theka kaye, dziwani kuti ifenso tinapsapo. Mapeto ake mwana wa mchimwene wanga anandipangira pa Canva, pulogalamu ija yopangira madizaini, ndi foni, ulere, ndipo chilli chikugulidwa.

Usipa_Wouma
Mayi, chilli chikugulidwa chifukwa chimawawa bwino, osati chifukwa cha Canva.

MadalaWaCorel
Mayi akunena zoona, tisawatsutse. Anyamata otenga dipoziti n'kukwera basi ya ku Joni atiipitsira mbiri tonse. N'chifukwa chake ine ndimapereka lisiti, ndipo kasitomala amadziwa pakhomo panga.

Za Canva ndilibe nayo nkhondo. Positala ya chinkhoswe kapena ya mpira wa bonanza, pangani pa Canva, palibe cholakwa. Nkhani imavuta mukafuna chinthu chomwecho pa banala ya mamita atatu. Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho, ukachikulitsa chimasweka ngati nsima ya dzulo. Logo yeniyeni imakhala vector, mizere yake ndi masamu, ungayiike pa bolopeni kapena pa thiraki imakhala yakuthwa chimodzimodzi. Chinanso ndi mitundu. Foni imapanga mitundu ndi kuwala (RGB), makina osindikizira amasakaniza inki (CMYK). Buluu wowala uja wa nyanja amene mumamukonda pafoni, akatuluka pamakina amakhala wozimirira, ndiye kasitomala akuti wandiwonongera. Ine mabanala akuluakulu ndimasindikiza ku Blantyre, amabwera pa minibasi kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Ukalakwitsa mtundu kapena chilembo chimodzi, ulendo wonsewo ubwerezedwa ndi ndalama zako.

MaiAShopu_Soko
Nanga bwanji simutifotokozera zimenezi poyamba? Mumangoti "logo 80 sauzande", ife n'kumaona ngati kachithunzi ka mphindi zisanu.

Mbuna_Blue
Apa mayi mwalasa. Ife ojambulafe timalephera kufotokoza chimene tikugulitsa. Ine ndinasiya kulemba "logo" pa kotesheni. Ndimalemba kuti: zitsanzo zitatu, kusintha kawiri, fayilo ya PDF ya osindikiza, fayilo ya PNG yopanda kumbuyo ya pa WhatsApp ndi Facebook, mtundu wakuda ndi woyera wa chidindo. Munthu akaona mizere isanu amamvetsa kuti mtengowo wachokera pati. Ndipo fayilo yogwirira ntchito, ya mapulogalamu a Corel kapena Illustrator, sindipereka pokhapokha ataigula payokha.

Kabaza_Express
Inu mukuvutikiranji, masiku ano AI ikujambula ulere. Ntchito yanuyi yatsala zaka ziwiri.

Mbuna_Blue
Achimwene, iuzeni AI yanuyo ijambule chambo mubwere nacho kuno. Ine ndinayesa. Inandipatsa nsomba ina ya kunyanja ya mchere, ina ngati ya m'galasi la m'nyumba za azungu. Nditati bwato, inandipatsa boti la matanga la ku Zanzibar. Nditati mayi wa ku Mangochi akuyanika usipa pa thandala, anatuluka mayi wovala mikanda ya Amasai, zala zisanu ndi chimodzi. Kwathu ku Cape Maclear mlendo amene wasambira ndi mbuna tsiku lonse ku Thumbi akagula T-shirt amafuna mbuna yeniyeni ya mizere yake. Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wake mu 1984, ndiye ukajambula zabodza mlendo amadziwa.

Sindikunena kuti siikutilanda ntchito. Mapositala a madansi ndi a misonkhano ya chitsitsimutso ambiri apita kale. Koma chambo cha achemwaliwa chabedwa chifukwa ndi chambo chenicheni. Chikadakhala cha AI bamboyo akadapanga yekha.

Kabaza_Express
Chaka chamawa idzadziwa chambo. Mudzandiuza.

Che_Bulashi
Idzakwerenso makwerero ipente khoma dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndiye ndidzapuma.

BintiWaNamwera
Poti tafika pa zinthu zimene kompyuta imalakwitsa, ndichenjezeko anzanga amene mumalandira ntchito za madrasa, za Eid kapena makadi a nikah. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere ndipo zilembo zake zimalumikizana. Mukakopera mawu n'kuwamata mu Photoshop kapena Corel yakale imene sinakonzedwere Chiarabu, zilembo zimaduka chimodzichimodzi n'kutembenuka. Kwa amene sawerenga zimaoneka zokongola ndithu. Ine ndinaona kalendala yonse itasindikizidwa choncho, mazana angapo, ndipo inali ndi mawu a m'Qur'an, ndiye sungangoitaya kudzala. Eni ake anachita kuisonkhanitsa yonse. Musanatumize kwa osindikiza, muonetseni mwalimu awerenge. Komanso funsani kaye ngati akufuna nkhope za anthu pa chinthucho, ena safuna.

Chiyao nachonso chili ndi msampha wake. Chilembo cha ŵ, ngati m'mawu oti ŵandu, mafonti ambiri okongola alibe. Pakompyuta yanu chioneka, kwa osindikiza chituluka kabokosi. Mawu onse muziwasandutsa ma curves, kuti zilembo zikhale ngati chojambula, musanatumize.

MadalaWaCorel
Sikomo kwejinji, Binti. Za kabokosi zinandigwerapo pa mawu oti Malaŵi, pa T-shirt 200. Ndinalipira ndekha.

Usipa_Wouma
Tabwererani kwa achemwali, mwawasiya ali pamsewu wa ku Makawa akuyang'ana khoma.

AnkoloAPhiri_MH
Mwanangu, ine si wojambula, ndine mphunzitsi wopuma, koma Mangochi ndimamudziwa. Mwanena kuti bambowo ndi anzawo a malume anu. Njira yanu ndi imeneyo. Manyazi amene anakuletsani kupempha dipoziti, omwewo ndi amene angawalipiritse. Pitani kwa malume ndi pepala lanu lija, musakalipe, mungowaonetsa. Muwapemphe akuperekezeni. Munthu amene akutsegula bizinesi safuna kuti Lachisanu anzake azimuyang'ana ndi diso lina potuluka mu mzikiti. Khoti lidzakudyerani ndalama za mayendedwe ndi miyezi, ndipo mukapambana mudzakhala mwadana ndi mudzi wonse wa makasitomala. Kuno eni malo ogona alendo onse amadziwana, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay.

DadaWaKuChembe
Ankolo, n'zimene zimatipha zimenezo. Chilichonse tikambirane pachibale, mapeto ake mtsikana apatsidwa theka n'kuuzidwa kuti athokoze.

AnkoloAPhiri_MH
Theka lili m'manja ndi lonse lili kukhoti, asankhe yekha mwini wake. Ine ndangonena njira imene ndaiona ikugwira.

Pensulo_HB
Ine makasitomala a m'tauni muno ndinawasiya, mutu unkandiwawa. Ndimajambula zithunzi za m'timabuku ta mabungwe: za likodzo, za kusamba m'manja, za ukhondo m'madoko a asodzi. Nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023, imene Mangochi inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, ndinajambula usana ndi usiku. Ubwino wake pamakhala mgwirizano wolemba. Kuipa kwake ndalama imachedwa, mwezi kapena iwiri, fomu iyi isainidwe ku Lilongwe, amene amasaina ali ku workshop. Ndipo sakuyang'ana ngati ulibe TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi akaunti ya kubanki. Amadula msonkho wa withholding tax asanakupatse, ndiye muzikumbukira kutenga satifiketi yake, ndi imene imaonetsa kuti msonkho unaperekedwa.

Chimene ndinaphunzira kumeneko n'choti chithunzi chimayesedwa kumudzi chisanasindikizidwe. Ndinajambulapo mayi akutunga madzi atavala chitenje chofika m'mawondo, amayi a ku Makanjira anati uyu si wa kuno, ndipo uthenga wonse sanaumvere, ankangokambirana za chitenjecho. Ndinabwerera kukatalikitsa chitenje ndi kumuveka mpango. Wojambula wa ku Lilongwe kapena wa kunja sangadziwe zimenezo. Ife tikamadziderera pa mtengo timaiwala kuti chimene tikugulitsa ndi maso a kuno.

Koma werengani mgwirizano. Ambiri amalemba kuti zithunzi zonse ndi zawo mpaka kalekale. Ndinadzapeza zanga zili m'buku lina la dziko loyandikana nalo, ndipo ndinalibe ponena, ndinasaina ndekha.

Mbuna_Blue
Ndi chifukwa chake mtengo wogulitsiratu umwini uzikhala wina, wobwereketsa kwa ntchito imodzi wina.

Laputopu_Yakufa
Inu mukukamba za makasitomala, ine ndikulira zipangizo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu imene ndinkasungira ndalama inathawa ndikuiona. Adobe, eni a Photoshop ndi Illustrator, amafuna madola mwezi ndi mwezi. Inki yakwera, bandulo ikutha ngati madzi, magetsi akazima ndimakalipira kutchaja pa sola ya anthu. Koma kasitomala akufunabe positala pa K5,000 ya zaka zinayi zapitazo. Ukakweza akuti pali mnyamata pa depoti amapanga pa K3,000.

BintiWaNamwera
Siyani kulirira Adobe. Inkscape ndi yaulere ndipo imapanga vector, Krita ndi yaulere yojambulira, GIMP ya zithunzi. Zimayenda ngakhale pa laputopu yotopa. Zobera zija za ma crack ndi zimene zikukupherani makina ndi mavairasi. Komanso n'zoseketsa kuti tikudandaula kuberedwa logo tikugwiritsa pulogalamu yakuba.

Laputopu_Yakufa
Achemwali mwandiponda chala dala.

Usipa_Wouma
Wa K3,000 musiyeni atenge makasitomala a K3,000. Ndi omwewo amene amaimba foni 11 koloko usiku kuti dzina la mkwati likhale lagolide.

Kabaza_Express
Nanga za pa intaneti, Fiverr ndi zina, bwanji osapanga zimenezo mulandire madola?

Pensulo_HB
Ndinayesa. Fiverr amadula 20 peresenti pa ntchito iliyonse, ndipo ukupikisana ndi anthu a ku Pakistan ndi Bangladesh amene ali ndi nyenyezi mazana zoyamikiridwa ndi makasitomala. Kasitomala akalemba uthenga iwe uli mumdima netiweki palibe, pofika m'mawa wapita kwa wina. Madola amene ndawaonapo ine anachokera kwa anthu a kwathu konkuno amene ali ku Johannesburg ndi Durban. Atsegula saluni, shopu ya matayala, kagulu kothandizana pa maliro, amafuna logo ndi mapositala, amatumiza pa Mukuru tsiku lomwelo. Amalipira bwino kuposa mabwana a kuno, mwina chifukwa aona mitengo ya kumeneko.

MadalaWaCorel
Ndipo oipitsitsa pa onse ndi andale. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chisanachitike ndinapangira anthu atatu mapositala ndi dizaini ya nsalu. Amene anapambana akuti bwerani ku Lilongwe. Awiri amene analuza akuti mukufuna ndikulipireni ndi chiyani. Mwamwayi theka ndinali nditatenga. Wandale ndalama yonse patsogolo, ngakhale akulonjezeni ntchito ya ku khonsolo.

Makala_ndi_Pepala
Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Ndabwera ndi nkhani. Ndinatsatira ankolo a Phiri. Dzulo madzulo tinapita ndi malume, titakwera njinga yamoto. Bambowo anatilandira bwino, anatipatsa tiyi, kenako anayamba kunena kuti chambo ndi chambo, aliyense angajambule, wopenta anangochiganiza yekha. Malume anangokhala chete akundiyang'ana.

Ndiye ndinawapempha tituluke tikaone khomalo. Ine ndili ndi chizolowezi chobisa zilembo ziwiri za dzina langa m'mamba a pafupi ndi mchira, ndinayamba ndili kusekondale anzanga akamandibera zojambula. Pafoni zimaoneka ngati mamba basi. Wopenta uja, poti ndi waluso, anakopera mamba onse mmodzimmodzi, zilembo zanga zili pakhomapo zazikulu ngati dzanja langa. Ndinawalozera. Malume anaseka mpaka kutsamira mpanda.

Andipatsa K100,000 pa Mpamba pomwepo. Akuti yotsalayo kumapeto a mwezi, chifukwa madzi a m'nyanja atakwera mu 2024 anawagwetsera zipinda ziwiri ndipo akadali kubweza ngongole. Zimenezo n'zoona, malo ambiri a m'mbali mwa nyanja anamira chaka chimenecho. Koma tsopano akuti ndipitirize menyu ndi chikwangwani cha kumsewu, alendo a Khirisimasi asanayambe kubwera. Ndivomere?

Che_Bulashi
Mwaona ntchito ya opentafe? Sitisiya ngakhale mamba amodzi. Mukamuona mnzangayo mumugulire Fanta.

DadaWaKuChembe
Musavomere. Anakutchulani "iwe", anakunamizani pamaso pa malume anu. Atenge menyu kwa AI ya a Kabaza.

Kalaliki265
K180,000 ija inali ya zinthu zitatu. Mwalandira 100, mwapereka chimodzi, ndiye pakadali pano simuli pa ngongole ndi munthu. Ngati mupitiriza, alembe pa WhatsApp kuti K80,000 yotsala ilowa menyu isanatuluke m'kompyuta yanu, ndipo ndalama yosindikizira ndi yawo. Malume akhale mboni.

MadalaWaCorel
Ndipo chitsanzo cha menyu musatumize pafoni. Nyamulani laputopu mukawaonetse ali pompo, akaona mutseke mubwerere nayo.

MaiAShopu_Soko
Achemwali a Makala, mukamaliza ndi bambowo mundipeze. Mabotolo a chilli aja ndikufuna asinthe, a Canva aja shopu yoyandikana nayo yatulutsa ofanana ndendende, mtundu ndi tsabola wake yemweyo. Theka ndipereka, koma ndidziwe kaye pakhomo panu.

Makala_ndi_Pepala
Mayi, ndili kuseri kwa msika waukulu, mukafika pa wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi buliji mundiimbire ndidzakutengeni. Mubwere ndi botolo limodzi ndiyeze kukula kwa pepala. Lodzaza, osati lopanda kanthu.

Usipa_Wouma
Zilembo zija muzibise mu njere za tsabola.